Nyumba yakale ikamakonzedwa: mafunso atatu oti mufunse msanga

M'boma la Milange, kuyambira ku Vila mpaka ku Majaua, muli nyumba zambiri zimene zidatsala kuchokera nthawi ya Apwitikizi: makantina, nkhokwe zogulira chimanga, nyumba za antchito a m'minda ya tiyi. Zina zidapsa pa nkhondo ya zaka 16 imene idatha mu 1992, zina zidangosasuka denga. Lero malonda a pamalire akukula, ndipo makoma amenewa ayamba kusiririka. Wina akufuna kutsegulamo sitolo, wina chigayo, wina malo ogona alendo.

Kukonza bwinja ndi chinthu chabwino. Koma mkangano umabuka malata atakhomedwa kale: banja lina likuti kantinayo ndi ya agogo awo, oyandikana nawo akuti mpanda watseka njira ya kuchitsime, aboma akubwera kudzaimitsa ntchito, mwini ntchito akudandaula kuti mnzake wa tsidya la msewu adamanga popanda womufunsa. Zambiri mwa izi zingapeweke inu mutafunsa mafunso atatu simenti isanagulidwe.

Funso loyamba: makomawo ndi a yani?

Nyumba yopanda denga si nyumba yopanda mwini. Pa 3 Febuluwale 1976 Pulezidenti Samora Machel adalengeza kuti nyumba za lendi ndi zimene eni ake adazisiya zikhala za Boma, ndipo bungwe la APIE ndilo lidapatsidwa udindo wozisamala. Pambuyo pake Boma lidayamba kugulitsa zina mwa nyumbazi kwa nzika zimene zinkakhalamo. Choncho bwinja limene mukuliona likhoza kukhala la Boma, la munthu amene adagula, kapena la ana a womwalira. Mfumu kapena mlembi wa m'dera angachitire umboni za mbiri ya malowo, koma alibe mphamvu yogulitsa katundu wa Boma. Amene akukutsatsani nyumbayo akuonetseni chikalata, ndipo chikalatacho mukachitsimikize ku ofesi ya boma ku Milange musanapereke metikali ndi imodzi yomwe.

Palinso nyumba zimene ngakhale mwini wake sangazigumule mwakufuna kwake. Lamulo nambala 10/88, loteteza chuma cha chikhalidwe, limateteza nyumba zonse zomangidwa chisanafike chaka cha 1920. Ku Quelimane, tchalitchi chakale cha Nossa Senhora do Livramento, cha zaka zoposa 200, chidali pafupi kugwa. Nzika zidasonkhana m'bungwe la Associação dos Bons Sinais n'kutsogolera ntchito yochikonza osasintha maonekedwe ake. Ku Beira nkhani ndi ina: Grande Hotel idatsekedwa mu 1963, ndipo lero mabanja ambirimbiri akukhala m'chinyumba chong'ambika chifukwa chigamulo chokhudza tsogolo lake chidachedwa kwa zaka makumi.

Funso lachiwiri: nthakayo ili pa dzina la yani?

Kuno kwathu nthaka ndi ya Boma, sigulitsidwa ndipo sikhala chikole. Chimene munthu amakhala nacho ndi ufulu woigwiritsa ntchito, umene timautcha DUAT. Lamulo la Nthaka, nambala 19/97, limatchula njira zitatu zopezera ufuluwu: kukhala pamalo motsata mwambo, kukhalapo mwachilungamo kwa zaka zosachepera 10, kapena kupempha kwa Boma. Lamulo lomweli limati kusowa pepala sikufafaniza ufulu wanu, ndipo umboni wa anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi, ndi wovomerezeka. Ndiye ngati mayi wakhala akulima kuseri kwa bwinja kuyambira pamene adabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, wokonza nyumbayo sangangomuzinga ndi waya.

Anthu a ku Majaua akumbukirenso malo amene lamuloli limawapatula. Mamita 30 kuchokera pa msewu waukulu, mamita 15 kuchokera pa misewu ing'onoing'ono, ndi makilomita awiri kuchokera pa malire a dziko ndi malo otetezedwa: pamenepo sipaperekedwa DUAT, pamafunika chilolezo chapadera. Pamene mtsinje wa Ruo ndiwo malire athu ndi Malawi, mfundoyi imakhudza midzi yambiri. Ruo yemweyo ali ndi phunziro lina. Siteshoni yaing'ono ya magetsi a madzi ya ku Majaua, imene bungwe la FUNAE lidaikonzanso, idaonongeka ndi madzi osefukira a mu 2015, chaka chimene Licungo adadula mlatho ku Mocuba. Nyumba ikhoza kukhala yakale ndi yolimba, koma madzi sayang'ana zaka.

Funso lachitatu: wavomereza ntchitoyo ndani?

Kukhala ndi nyumba ndi nthaka sikukwanira. Kuwonjezera zipinda, kukweza khoma, kapena kusandutsa nyumba yogona kukhala bala kapena chigayo kumafuna chilolezo chomangira. Mkati mwa Vila ya Milange, imene ili ndi khonsolo yakeyake kuyambira mu 1998, chilolezochi chimachokera ku khonsolo. Majaua ali kunja kwa malire a khonsoloyo, choncho pempho limadzera ku Posto Administrativo kupita ku boma la distirito, kumene ofesi ya mapulani ndi zomangamanga, SDPI, imayang'ana pulani ndi malo. Chilolezochi si msonkho wachabe. Khoma limene lakhala pamvula zaka 30 silingasenze chipinda cha pamwamba mmisiri asanaliyeze, ndipo likagwa limagwera ogula ndi ana odutsa.

Apa ndi pamene pamagona mkwiyo wa anthu. Aboma ali ndi mphamvu yoimitsa ntchito, yolipitsa chindapusa, ngakhale yogumula. Koma mphamvu imeneyi imalemekezeka ikagwira ntchito msanga ndiponso mofanana. Kuimitsa maziko n'kosavuta. Kugwetsa nyumba imene munthu watherapo ndalama za nandolo wa zaka zitatu ndi chilonda chosapola. Ndipo ngati baraka ya wosauka igumulidwa pamene mpanda wa wolemera waima mumsewu womwewo, anthu amasiya kukhulupirira lamulo, n'kuyamba kufunafuna wom'patsa kangachepe.

Nanga inu muchite chiyani?

Lamulo nambala 19/2007, la kakonzedwe ka malo, limapatsa nzika ufulu wodziwa mapulani a dera lawo ndi wonenapo maganizo. Lamulo nambala 34/2014 limakulolani kupempha uthenga ku ofesi ya Boma, ndipo yankho liyenera kubwera pasanathe masiku 21. Lembani pempho lanu, sungani kope lodindidwa. Ngati kulemba kumakuvutani, pemphani mphunzitsi wa sukulu ya akulu akuthandizeni.

Pamene wina akupempha DUAT yatsopano, anthu a m'deralo amayenera kufunsidwa pa msonkhano, ndipo zokambirana zimalembedwa mu acta. Pepalalo limakhala m'Chipwitikizi. Musasaine kapena kudinda chala lisanawerengedwe mokweza ndi kumasuliridwa m'chilankhulo chanu. Ngati mwagwirizana kuti njira ya kuchitsime isatsekedwe, kapena kuti chigayo chisalire usiku, onetsetsani kuti mawuwo alowamo. Lonjezo la pakamwa limauluka ndi mphepo.

Mukalipitsidwa chindapusa, funsani pepala lonena cholakwa chanu ndi risiti ya boma. Mukaona kukondera, nkhaniyo itengereni ku Conselho Consultivo ya posto kapena ku Procuradoria ya distirito; amene alibe ndalama ya loya angapite ku IPAJ. Mikangano ya malire pakati pa oyandikana ingayambire kwa mfumu kapena ku khoti la m'mudzi.

Kwa inu amene mukufuna kukonza bwinja: yambani ndi oyandikana nanu, kenaka ofesi, simenti pomalizira. Akulu adati safunsa adadya phula. Masabata ochepa otsata mapepala ndi otsika mtengo kuposa nyumba yomalizidwa imene chitseko chake chatsekedwa ndi khoti.