Kusankha Ndime pa Njira ya Phiri la Mulanje

Munthu wokhala ku Kapata, m'mzinda wa Chipata, sasowa phiri lopenya. Akaturuka m'nyumba mamawa, phiri la Kanjala liri pomwepo pamaso pace, ndipo anyamata amalikwera Loweruka masana ndi kutsika dzuwa lisanalowe. Koma pali kukwera kwa mtundu wina, kumene munthu amabereka cikwama kumsana, muli kamba ndi zopfunda, nayenda masiku angapo pamwamba pa mapiri, kugona kumene dzuwa lamlowera. Njira yochuka ya ulendo wotere, imene munthu wa ku Chipata angafikeko wosabvutika ndi cilankhulo, iri pa phiri la Mulanje, kum'mwera kwa Malawi.

Mulanje si phiri limodzi losongoka ai. Ndi cimthanthwe cacikuru cimene cinyamula zidikha za udzu pamwamba pace, ndipo pa zidikhazo paimanso nsonga zambiri. Yoposa zonse ndi Sapitwa, ya mamita 3,002. Boma linaika phirili kukhala nkhalango yosungidwa m'caka ca 1927, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO linalilemba pakati pa malo amene ali cuma ca dziko lonse lapansi. Pamwambapo pali tinyumba togonamo alendo pafupifupi 10, kali konse ndi mlonda wace, nkhuni ndi madzi pafupi. Koma cakudya mlendo adzinyamulira yekha. Njira zolumikiza tinyumbato ndizo zipanga ulendo wautali wocokera ku Likhubula, kumadzulo, kufikira ku Fort Lister, kumpoto cakum'mawa. Woyenda bwino autha m'masiku 5 kapena 6.

Tsono bvuto liri apa. Munthu wa nchito, kaya wa pa mgodi kaya wa m'sitoro, masiku ace a chuthi ndi owerengeka. Kucokera pa siteshoni ya mabasi ya Kapata ayenera kudutsa malire pa Mwami ndi cipaso cace ca ulendo, napita ku Mchinji, ku Lilongwe, ku Blantyre, ndi kufika ku Mulanje. Wanzeru aika masiku 2 a kupita ndi 2 a kubwera. Pa mlungu umodzi atsala ndi masiku 3 okha a pa phiri. Cifukwa cace ayenera kucita monga mlimi amene sayamba munda wonse tsiku limodzi, koma adula ndime yolingana ndi khasu lace. Ndime za pa Mulanje zoyenera kuziganizira ziripo zitatu.

Yoyamba ndi ya kumadzulo. Iyamba pa Likhubula, pamene pali ofesi ya za nkhalango, pomwe mlendo alembetsa dzina napeza wotsogolera ndi amtengatenga. Kukwera ku cidikha ca Chambe kuli njira ziwiri. Ya Skyline ndi yacidule koma yoimirira. Ya Chapaluka ndi yotalikirapo, ndipo itsata mtsinje ndi kupitira pafupi ndi mathithi a Dziwe la Nkhalamba. Pa maora 3 kapena 4 munthu akwera mamita pafupifupi 1,000. Wa pa mgodi adziwa kutalika kumeneku, pakuti kheji imtsitsa mtunda wotere m'mphindi zocepa. Koma pano kheji yace ndi miyendo yace. Mphotho yace ndi kuona nsonga ya Chambe, ya mamita oposa 2,500, imene mbali yace ya kumadzulo ndi khoma la mwala loposa kilomita imodzi ndi theka kutalika kwace. Tsiku laciwiri apita ku Lichenya, ulendo wa maora 4 kapena 5, ndipo ali m'mphepete mwa cidikhaco aona minda ya tiyi yoyalika pansi pace. Tsiku lacitatu atsikira ku Likhubula komwe anayambira. Ubwino waukuru wa ndime iyi ndi umenewu: ibwezera munthu pa msewu womwewo, kotero kuti basi ya kwao saisowa.

Yaciwiri ndi ya pakati, ndiyo imene dzina lace likopa ambiri. Kucokera ku Chambe njira ifika pa kanyumba ka Chisepo, m'tsinde mwa Sapitwa. Kukwera nsongayo ndi kubwerako kudya tsiku lathunthu, ndipo si kuyenda wamba: munthu akwawa pa matanthwe osalala, nalowa m'mipata ya miyala ikuruikuru. Akafika pamwamba tsiku loyera aona cigwa ca Phalombe, nyanja ya Chilwa ndi mapiri a ku Mozambique. Akafika tsiku la nkhungu saona ngakhale mnzace amene ali patsogolo pace. Akuruakuru a kumeneko amati ndi malo a mizimu, ndipo dzina lomwelo linena kuti kumeneko sikupitidwa. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anasiya wotsogolera wace m'njira nakwera yekha. Anasokera, ndipo anafa ndi cisanu. Ndime iyi ifuna masiku 4, ndi limodzi lapadera loyembekezera nyengo. Amene ali ndi masiku 3 okha aisiye, adzaibwerere caka cina.

Yacitatu ndi ya kum'mawa, yoyambira ku Fort Lister, m'mpata wa pakati pa Mulanje ndi phiri la Michesi, kufupi ndi boma la Phalombe. Linga limeneli Angelezi analimanga mu 1893 kuti atseke njira imene ogula akapolo anali kupitamo. Popeza mpatawo uli kale pamtunda, citunda ca ku kanyumba ka Sombani sicipweteka monga ca Skyline. Pamwamba pa Sombani paima nsonga ya Namasile, ndipo kucokera pamenepo njira iyenda m'udzu ndi kuoloka timitsinje ta madzi ozizira kufikira ku Chinzama. Kuno alendo ndi ocepa, ndipo munthu angayende tsiku lonse wosakomana ndi wina. Coipa cace ndi cakuti magalimoto a kumeneko ndi osowa, ndipo amene aganiza zotsikira kum'mwera, ku minda ya tiyi ya Lujeri, adziwe kuti mtsetse wace ndi woopsa mvula ikagwa.

Pa ndime zonsezi mlendo asayembekeze nkhalango ya mkungudza imene makolo anaiona. Mtengo umenewu, umene kwao kweni kweni ndi pa Mulanje, unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko la Malawi, koma oceka matabwa ndi moto wa thengo anautha. Pamene anthu anawerenga mu 2017 anapeza mitengo ikuruikuru 7 yokha. Imene ikuoneka tsopano ndi yaing'ono yocita kubzala, ndipo mlendo waulemu sathyola nthambi yace kapena kusiya moto wosazima.

Atasankha ndime, asankhenso mwezi. Kuyambira November kufikira April ndi dzinja: njira ziterera ndipo mitsinje idzala mwadzidzidzi. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagumula mbali zina za phirili napha anthu ambiri m'midzi ya m'munsi, kotero ndi bwino kufunsa ku Likhubula njira zimene zikupitika. Pajatu safunsa anadya phula. Mu May, June ndi July udzu ukali wobiriwira ndipo maso afika kutali, koma usiku madzi amaundana, ndiponso ndiyo nyengo ya ciperoni, nkhungu ya mvula yowaza imene icokera kum'mwera cakum'mawa ndi kuphimba phiri masiku awiri kapena atatu. Mu 1949 mzungu wina wa nchito ya nkhalango anatengedwa ndi madzi pooloka mtsinje m'nyengo yotere. Ciperoni cikabwera, nzeru ndi kukhala m'kanyumba ndi kuotha moto. Mu September ndi October kumwamba kuli bwino ndipo usiku sukuzizira kwambiri, koma utsi wa lupsa ubisa zakutali.

Katundu akhale wocepa: ufa, usipa, mcere, tiyi ndi shuga, mphika umodzi, bulangeti locindikala, jasi la mvula, toci, ndi nsapato zimene phazi linazolowera kale. Majombo atsopano atupitsa matuza tsiku loyamba lomwe.

Ndipo asanagule tikiti ya basi, munthu wa ku Kapata ali ndi muyeso pakhomo pace. Abereke cikwama cace codzaza, akwere Kanjala ndi kutsika kawiri tsiku limodzi, mawa lace abwerezenso. Ngati maondo ace sadandaula potsika, ayambe ndi ndime ya Chambe ndi Lichenya. Ngati adandaula koma mtima ufunabe, apite ku Sombani ndi kulemba wamtengatenga. Sapitwa ndi ya munthu amene anagonapo kale pa phirilo, amene ali ndi wotsogolera ndi masiku okwanira kuyembekeza kuti nkhungu icoke.