Thumba likafunda m'kati, anankafumbwe ayamba kudya mpamba wanu

Inu ogulitsa chimanga ndi nyemba, munapisapo dzanja m'thumba n'kupeza m'kati muli fundefunde, chonsecho thumbalo lagona pamthunzi? Ngati chimangacho chinali chouma bwino, dziwani kuti ndi anankafumbwe akupuma mmenemo.

Kachilombo kalikonse kamasandutsa chakudya kukhala mphamvu pogwiritsa ntchito mpweya wa okosijeni, ndipo potero kamatulutsa kutentha ndi chinyezi. Chodabwitsa n'chakuti tating'ono ndi tomwe timatentha chakudya msangamsanga poyerekeza ndi thupi lawo.

Nkhaniyi anaitulukira Max Kleiber mu 1932 ku California, poyeza nyama monga makoswe ndi ng'ombe. Anapeza kuti nyama yolemera ka 16 kuposa inzake siifuna mphamvu zochuluka ka 16 ayi, koma ka 8 basi. Mu 2007 Steven Chown wa ku yunivesite ya Stellenbosch ndi anzake anasanthula mitundu 391 ya tizilombo, ndipo anaona kuti nato timayenda pafupifupi momwemo, ngakhale mtundu uliwonse uli ndi kachitidwe kake.

Tiyeni tiike pa sikelo. Dzombe limodzi limalemera magalamu awiri kapena cha pomwepo. Kuti anankafumbwe afike pamenepo, mpaka muwunjike mazana angapo. Koma kamulu kameneko, ngakhale kakufanana kulemera ndi dzombelo, kamamaliza mpweya ndi chakudya kangapo kuposa ilo. Ndiye kukatentha ngati ku Nsanje mu Okutobala zimanyanya, poti tizilombo tilibe kutentha kwaokha kwa m'thupi: kukafunda ndi madigiri 10, kapumidwe kawo kamafulumira pafupifupi kawiri. Wamkazi mmodzi amatha kuikira mazira oposa 100, ndipo mphutsi zake zimakulira m'kati mwa njere, momwe diso silifika. Thumba munalipikula lili 50 kg, pofika Januwale lapepuka, pansi pali fumbi lokhalokha, kasitomala akuti mwamubera.

Komatu dyera lomwelo ndi limene limawapha. Matumba a PICS, omwe anawayambitsa akatswiri a ku yunivesite ya Purdue ku America, ali ndi mapulasitiki awiri m'kati, osalowa mpweya. Mukamanga bwino, anankafumbwe amamaliza okha okosijeni yemwe watsalamo, amasiya kudya ndi kuswana, kenako amafa, popanda kuthira mankhwala.

Apa ndi pomwe ambiri timalakwitsa. Chizolowezi chathu chobaya thumba ndi kachitsulo kuti wogula aone njere, pa thumba lotere n'kutaya ndalama: kabowo kamodzi kokha kakwanira kuti tizilomboto tipumenso. Kumasulamasula tsiku ndi tsiku nakonso n'chimodzimodzi. Choonetsa makasitomala ikani padera m'ndowa, ndipo chimanga chiume gwa musanachitsekere, apo ayi chichita nkhungu.