Mphaka Wobwereka

Makolo ambiri amene ana awo amalandira chithandizo cha sickle cell pa chipatala cha ana cha Arthur Davison ku Ndola anamvapo kuti matendawa amatha kuchiritsika. Mwana amamuika mafuta a m'mafupa a munthu wina, makamaka a m'bale wake wa bere limodzi. Mabanja ena m'Zambia muno amasonkha ndalama mpaka kukafika ku India. Koma za miyezi yotsatira chithandizochi sizikambidwa mokwanira, chonsecho ndi pamene pagona ngozi.

Asanamuike mafuta atsopanowo, madokotala amayamba apha akale ndi mankhwala amphamvu, ndipo chitetezo cha m'thupi chimapitira limodzi. Maselo a magazi amabwerera pakangopita milungu yochepa, koma maselo a T, omwe ena mwa iwo ndi aja amawerengedwa poyeza CD4, amatenga miyezi, mwina chaka, kuti akhwime.

Taganizani nyumba ya ku Chimwemwe ku Kitwe yomwe mphaka wake wafa n'kusiya tiana tosatsegula maso. Makoswe sachokera kutali. Anali kudenga kalekale, amangoopa mwini malo. Usiku womwewo mumva kuti gudugudu pamwamba pa siling'i, m'mawa thumba la ufa labooka. Ndi momwe amachitira mavairasi a CMV ndi EBV. Ambirife tinawatenga tili makanda ndipo amagona m'thupi moyo wonse, maselo a T akuwalondera. Mlonda akachoka, CMV imagwira mapapo ndi matumbo, EBV imatha kuyambitsa khansa ya m'maanabele, ndipo adenovirus, yomwe kwa mwana wina ndi chimfine chabe, imatha kupha.

Mankhwala alipo, koma ali ngati poizoni wa makoswe amene amaphanso nkhuku. Ganciclovir amafooketsa mafuta atsopano omwewo amene banja lavutikira, pomwe foscarnet ndi cidofovir amawononga impso.

Nzeru ina ndi kubwereka mphaka wamkulu wodziwa kusaka. Madokotala amatenga magazi a munthu wathanzi, n'kupatula maselo a T okhawo amene amazindikira vairasi yomwe yavuta, kuwachulukitsa mu labu, kenako kumupatsa mwana kudzera mu dilipi. Kupatulako ndiye kofunika kwambiri. Mukangotenga mphaka aliyense, wina adzasiya makoswe n'kugwira anapiye. Maselo osasankha amaukira khungu, chiwindi ndi matumbo a mwana yemweyo.

Stanley Riddell ndi anzake ku Seattle anaonetsa mu 1992 kuti njirayi imabwezeretsa chitetezo cholimbana ndi CMV. Mu 1995, Cliona Rooney, Helen Heslop ndi Malcolm Brenner ku Memphis anachita chimodzimodzi pa EBV mwa ana. Mu December 2022, mayiko a ku Ulaya anavomereza tabelecleucel, maselo osungiratu mufiriji, othandiza ngakhale mwana wa zaka 2. Si zonse zayenda bwino: kafukufuku wamkulu wa posoleucel, yomwe ankati igwire mavairasi angapo nthawi imodzi, anaimitsidwa mu December 2023 ataona kuti sakupereka zotsatira zomwe ankayembekezera.

Chithandizochi n'chodula ndipo chimapezeka m'zipatala zowerengeka. Chomwe chimandidetsa nkhawa ine ndi mwana amene wabwerera ku Chifubu kuchokera ku India patangotha miyezi itatu, chitetezo chisanakhwime. Musanagule tikiti, afunseni adokotala kuti mwana akabwerako adzamuyeza kuti CMV ndi EBV m'magazi, kangati pa mwezi, ndiponso mudzaimbira ndani thupi likatentha pakati pa usiku.