Alenje a Tinthu Tosaoneka Akufuna Ngalande Yaikulu

Mu 1909, ku Chicago, Robert Millikan ankakhala maola ambiri akuyang'anitsitsa timadontho ta mafuta tikuyandama pakati pa mbale ziwiri zachitsulo zokhala ndi magetsi. Anapeza kuti mphamvu ya magetsi, imene asayansi amaitcha chaji, imabwera ngati mazira pamsika: limodzi, awiri, atatu, koma theka la dzira simungaligule. Elekitironi imanyamula muyeso umodzi, pulotoni nayo umodzi. Pali tinthu tina totchedwa quark tonyamula zidutswa za muyesowu, koma timakhala tomangika m'magulu ndipo palibe amene anatipeza tili patokha.

Funso limene likusowetsa tulo asayansi lero ndi lakuti: kodi kulibe tinthu tina tachilendo tophwanya dongosolo limeneli? Pali chifukwa chofunsira. Milalang'amba imazungulira ngati kuti muli zinthu zolemera zimene sitiziona, ndipo zosaonekazo zikuposa zooneka pafupifupi kasanu. Mndandanda wa tinthu todziwika ulibe chofotokozera zimenezi.

Kusakako kumachitikira ku CERN, malo a kafukufuku wa sayansi pafupi ndi Geneva, m'malire a Switzerland ndi France. Kumeneko kuli ngalande yozungulira ya makilomita 27, pafupifupi mamita 100 pansi pa nthaka, yotchedwa Large Hadron Collider. Mapulotoni amathamangitsidwa mmenemo n'kuwombanitsidwa, ndipo mphamvu ya kuwombanako imasanduka tinthu tatsopano. Ndi mmene Higgs boson inapezekera mu 2012. Chiyambire pamenepo sikunapezeke kanthu kena katsopano kofika pa msinkhu umenewo.

Chaji ndiyo imapangitsa kanthu kusiya mapazi. Kakamadutsa m'makina ounikira kamasokoneza maatomu a m'njira yake, ndipo maginito amakhotetsa ulendo wake. Wasayansi amawerenga mkwasowo monga mlenje amasiyanitsira mapazi a gwape ndi a nguluwe. Kanthu kolemera kwambiri kamayenda mochedwa n'kusiya mzere wonenepa. Kena kamatha kuyenda masentimita ochepa, mzere wake n'kuthera panjira, chifukwa kasanduka zinthu zosaoneka. Palinso malingaliro akuti kungakhale mbale wake wa Higgs wa chaji yowirikiza kawiri, amene angathandize kufotokoza chifukwa chake tinthu totchedwa neutrino n'topepuka chonchi.

Chimene chimandigwira mtima ndi kuphweka kwa misampha ina. Gulu la MoEDAL limapachika mapepala a pulasitiki pafupi ndi pamene mapulotoni amawombanirana. Pakapita miyezi amawachotsa, kuwaviika m'mankhwala, n'kuwaunika pa maikulosikopu. Kanthu ka chaji yaikulu kakanadutsa, kakanasiya timabowo tolunjikana m'mapepala onse, ngati singano yoboola nsalu yopinda. Gulu lina, la milliQan, lomwe dzina lake likukumbutsa Millikan, linaika makina ake m'kanjira ka pansi kotulutsira madzi pafupi ndi makina ounikira otchedwa CMS, kuseri kwa thanthwe la mamita 17. Thanthwelo limatsekereza tinthu wamba tochuluka, koma kanthu ka chaji yochepetsetsa kangathe kulidutsa mosavuta. Mpaka pano misampha yonseyi sinakole kanthu.

N'kutheka kuti nyamayo ndi yolemera moti makina a lero sangaidzutse. N'chifukwa chake CERN ikufuna kukumba ngalande ya makilomita pafupifupi 91, yotchedwa Future Circular Collider. Lipoti lounika ngati ntchitoyi ingatheke linatuluka mu 2025. Poyamba izidzawombanitsa maelekitironi ndi mapozitironi, kuwombana kumene kumatulutsa zinyalala zochepa moti phazi lachilendo silingabisale, kenako mapulotoni pa mphamvu yoposa ya lero kangapo. China nayo ili ndi pulani ya ngalande ya makilomita 100. Ena akufuna kuwombanitsa tinthu totchedwa muon, tolemera kuposa elekitironi nthawi 207, koma timangokhala ndi moyo magawo awiri pa magawo miliyoni a sekondi, choncho kutisonkhanitsa ndi kutithamangitsa tisanafe ndi ntchito ya kalavula gaga.

Gawo loyamba lokha la ngalande ya ku Geneva akuti lingadye mafranc a ku Switzerland okwana 15 biliyoni, ndipo palibe angalonjeze kuti kanthu kadzapezeka. Odandaula za ndalamazi ndimawamvetsa. Komabe ine ndili kumbali ya okumba, chifukwa dera limene makina a lero safikako silinaunikidwepo ndi munthu aliyense, ndipo njira ina yotsimikizika yolisuzumira palibe. Peter Higgs analosera za kanthu kake, Higgs boson, mu 1964 ndipo anadikira zaka 48 kuti akaone. Ophunzira amene akujambula mapulani a makina atsopanowa lero, ambiri adzakhala ndi imvi pamene mapulotoni oyamba adzawombane m'ngalandemo.