Njira Yopita ku Uinjiniya wa Makompyuta

Mnyamata kapena namwali amene alowa ku MUBAS, sukulu ya ukachenjede ya mu Blantyre imene kufikira 2021 inali kutchedwa Polytechnic, namanga mtima wake pa uinjiniya wa makompyuta, adziwiretu kuti zaka zisanu zimdikira. Ndipo popeza kuona maso a nkhono n'kudekha, adzayamba walimbana ndi masamu ndi nzeru za magetsi asanafike polumikiza tizipangizo ta m'kati mwa makinawo ndi kulemba mapulogalamu owalamulira. Ena amagwa mphwayi pa masamu pomwepo, chinthu chondimvetsa chisoni ndithu. Koma iye wopirira osacheuka adzafunidwa ndi makampani a lamya, mabanki, zipatala ndi boma lomwe. Inu makolo, ana anu aakazi musawatsekere njira imeneyi.