Mutu Waching'alang'ala ndi Mavuto a Pakhungu: Zimene Mungachite Tsiku ndi Tsiku

Mutu waching'alang'ala ndi matenda a pakhungu monga eczema ndi ziphuphu amafanana pa zinthu ziwiri. Choyamba, amabwera n'kupita: munthu amakhala bwinobwino kwa masiku kapena milungu, kenako vuto lija n'kuyambiranso. Chachiwiri, anthu ambiri amalimbana nawo ndi mankhwala ogula okha pagolosale kapena pamsika, ndipo mankhwalawo akachuluka amakulitsa vuto lomwe munthu amafuna kuthetsa. Ngati muli ndi limodzi mwa mavutowa, kapena onse awiri, mungachite zambiri kuti asamakusokonezeni pantchito, kusukulu ndi pakhomo.

Kodi mutu waching'alang'ala n'chiyani?

Amenewa ndi matenda a ubongo ndi minyewa. Pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 7 alionse padziko lapansi amadwala mutu umenewu, ndipo akazi amene amaudwala ndi ochuluka kuwirikiza kawiri kapena katatu kuposa amuna, makamaka chifukwa cha kusinthasintha kwa mahomoni. Nthawi zambiri umayamba munthu akatha msinkhu, ndipo umakonda kukhala wakumtundu. Zizindikiro zake ndi izi:

- Mutu wogunda ngati mtima, kawirikawiri mbali imodzi.
- Ululu womwe umakula mukamayenda, kuwerama kapena kukwera masitepe.
- Nseru kapena kusanza.
- Kudana ndi kuwala, phokoso ndi fungo.
- Ululu wotenga maola 4 mpaka 72 ngati simunamwe mankhwala.

Anthu ena, mutu usanayambe, amaona kuthwanima, mizere yokhotakhota kapena mbali ina ya chinthu itachita mdima. Ena amamva dzanzi kumilomo kapena m'manja. Madokotala amatcha zimenezi aura, ndipo zimatenga mphindi 5 mpaka 60.

Mutu ukamayamba, minyewa yonyamula uthenga wa ululu kuchokera kunkhope ndi kunembanemba zokuta ubongo imatulutsa timadzi tomwe timakulitsa mitsempha ya magazi ya pamalopo ndi kuchititsa kuti ululu uzimveka msanga. N'chifukwa chake ena amamva kuwawa pakhungu la m'mutu akangopesa tsitsi, kumanga duku kapena kuvala magalasi. Kuwawa kwa khungu kotereku ndi mbali ya mutu womwewo, ndipo kumatha mutuwo ukaleka.

Mavuto a pakhungu amene amabwerezabwereza

*Eczema.* Khungu la munthu wodwala eczema silisunga bwino chinyezi, choncho limauma, kuyabwa ndi kung'aluka. Malo ovuta kwambiri ndi mopindikira zigongono, kuseri kwa mawondo, m'khosi ndi m'manja. Pakhungu lakuda malowa sachita kufiira kwenikweni: amada kwambiri, amatuwa, kapena amakhuthala chifukwa chokandakanda. Matendawa sapatsirana, ndipo amakonda kupezeka m'mabanja mmene muli anthu odwala mphumu.

*Ziphuphu.* Zimatuluka timabowo ta pakhungu tikatsekeka ndi mafuta a m'thupi ndi tizidutswa ta khungu lakufa. Sizibwera chifukwa cha uve, ndipo kukhula nkhope mwamphamvu kumangozikulitsa. Mukamazifinya zimasiya madontho akuda amene angatenge miyezi yambiri kuti azimiririke.

*Zipere ndi mphere.* Izi zimapatsirana ndipo zimachizika, koma anthu amazisokoneza ndi eczema. Chipere chimakhala chozungulira, chokhala ndi m'mphepete motukuka. Mphere zimayabwa kwambiri usiku, zimayambira pakati pa zala, m'manja ndi m'chiuno, ndipo zimagwira anthu angapo m'nyumba imodzi. Pochiza mphere, onse a m'nyumbamo amayenera kudzola mankhwala tsiku limodzi, ndipo zovala ndi zofunda zichapidwe.

Zoyambitsa zimene zimakhudza mutu ndi khungu lomwe

Zinthu zodzutsa mavutowa zimasiyana munthu ndi munthu, koma zina zimapezeka mbali zonse ziwiri.

*Tulo.* Kugona pang'ono, kugona mopitirira, kapena kusinthasintha nthawi yogonera kumadzutsa mutu. Khungu likamayabwa usiku tulo timasowa, ndipo m'mawa mutu umatsatira. Choncho kusamalira khungu madzulo kungachepetse masiku a mutu. Yesetsani kugona ndi kudzuka nthawi yofanana tsiku lililonse, ngakhale Loweruka ndi Lamlungu.

*Nkhawa.* Maganizo a ngongole, mayeso, maliro kapena mavuto a m'banja amadzutsa mutu ndipo amakulitsa eczema ndi ziphuphu. Kwa ena mutu umabwera mavutowo atangotha, monga tsiku loyamba la tchuthi. Kuyenda ndawala kwa mphindi 30 masiku angapo pamlungu ndiponso kufotokozera mavuto anu munthu amene mumamukhulupirira kumathandiza.

*Nyengo.* Kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala kumabweretsa dzuwa lothobwa m'maso, ludzu ndi thukuta loyabwitsa khungu. Mphepo youma ya mu Juni ndi Julayi imang'alula khungu. Nyengo yotentha muziyenda ndi madzi akumwa, chipewa kapena ambulera. Nyengo yozizira muzidzola mafuta kawirikawiri.

*Fungo ndi utsi.* Perefyumu, sopo wonunkhira kwambiri, utsi wa nkhuni, wa fodya ndi wa mankhwala othamangitsa udzudzu amadzutsa mutu kwa anthu ambiri, ndipo zonunkhiritsa za m'mafuta odzola zimayabwitsa khungu. Sankhani zodzola zopanda fungo, ndipo phikirani pamalo odutsa mphepo.

*Msambo.* Amayi ambiri amadwala mutu kutatsala masiku awiri kuti asambe kapena masiku atatu oyambirira a msambo. Ziphuphu nazonso zimakonda kutuluka msambo ukayandikira.

*Chakudya ndi zakumwa.* Kukhala ndi njala nthawi yaitali ndi chimodzi mwa zoyambitsa zofala kwambiri. Mowa nawonso umadzutsa mutu, chimodzimodzi kusiya mwadzidzidzi tiyi kapena khofi amene munazolowera. Musasiye zakudya zambirimbiri pongoziganizira, makamaka kwa ana, chifukwa thupi lingasowe zofunika.

*Tsitsi lomangidwa mothina.* Kuluka kothina ndi mawivi olemera amakoka khungu la m'mutu. Zimenezi zimayambitsa mutu, tiziphuphu m'mbali mwa tsitsi, ndipo pakapita nthawi tsitsi la pachipumi limathothoka, mwina osameranso. Ngati mwaluka ndipo mukulephera kugona chifukwa cha ululu, masulani.

Lembani zimene zikuchitika

Pezani kope laling'ono, kapena gwiritsani ntchito kalendala ya pafoni. Kwa miyezi iwiri kapena itatu muzilemba tsiku limene mutu wawawa, maola amene watenga, mmene munagonera, zimene munadya, masiku a msambo, mmene khungu linalili, ndiponso mankhwala alionse amene mwamwa kapena kudzola. Mukatero mudzaona zoyambitsa zanu zenizeni, ndipo mudzadziwa masiku angati pamwezi amene mukumwa mankhwala opha ululu. Chiwerengero chimenechi n'chofunika kwambiri, monga muonere m'munsimu.

Mutu ukayamba

Imwani mankhwala mutu ukangoyamba, chifukwa ukakhwima m'mimba simugaya msanga ndipo mankhwala amachedwa kugwira ntchito. Paracetamol, yemwe ambiri amamudziwa kuti Panado, ibuprofen kapena aspirin amathandiza anthu ambiri. Imwani madzi, gonani m'chipinda chamdima ndi chopanda phokoso, ndipo ikani nsalu yonyowa pachipumi. Ngati mankhwalawa sakuthandizani, dokotala angakupatseni ena opangidwira mutu waching'alang'ala, monga sumatriptan, kapena oletsa kusanza.

Samalani pa izi: aspirin asaperekedwe kwa mwana wosakwana zaka 16. Ngati muli ndi zilonda za m'mimba kapena vuto la impso, musamwe ibuprofen kapena aspirin. Ngati ndinu woyembekezera, paracetamol ndi amene amayamba kugwiritsidwa ntchito, ndipo ena onse muyambe mwafunsa kusikelo.

Pamene mankhwala amasanduka vuto

Mankhwala opha ululu akamamwedwa pafupipafupi, ubongo umazolowera, ndipo mphamvu yake ikatha mutu umabwereranso. Munthu amamwanso, mpaka mutu umafika powawa pafupifupi tsiku lililonse. Vutoli limayamba ngati kwa miyezi yoposa itatu mukumwa paracetamol, ibuprofen kapena aspirin masiku 15 kapena kuposerapo pamwezi. Kwa sumatriptan, mankhwala okhala ndi codeine, ndi mankhwala osakaniza monga amapiritsi kapena aufa okhala ndi caffeine, malire ake ndi masiku 10 pamwezi. Njira yosavuta kukumbukira ndi yakuti musapitirire masiku awiri pamlungu.

Ngati mwadutsa kale malirewa, pitani kuchipatala kuti akuthandizeni kusiya. Mutu umayamba wakula kwa masiku angapo kapena milungu iwiri, kenako umachepa. Ngati mutu umakugwirani kanayi kapena kuposerapo pamwezi, funsani za mankhwala oteteza omwa tsiku lililonse, monga propranolol kapena amitriptyline. Amatenga milungu 6 mpaka 8 kuti phindu lake lioneke. Propranolol sayenera kumwedwa ndi munthu wodwala mphumu, ndipo sodium valproate ndi topiramate, omwe amatetezanso mutu, angavulaze mwana wosabadwa.

Pakhungu zimachitikanso chimodzimodzi ndi mankhwala odzola amphamvu a gulu la steroid, monga betamethasone ndi clobetasol, omwe amagulitsidwa m'misika popanda chilolezo cha dokotala. Amaletsa kuyabwa mwamsanga, koma akadzoledwa kwa miyezi, makamaka kunkhope, amapyapyalitsa khungu, amasiya mizere yosafufutika, ndipo amatulutsa ziphuphu. Akadzoledwa pachipere amachibisa kwinaku chikufalikira. Mafuta ambiri oyeretsa khungu ali ndi mankhwala omwewa, ena ali ndi hydroquinone yemwe pakapita nthawi amadetsa khungu kosabwerera, ndipo ena ali ndi mercury yemwe amawononga impso ndi minyewa. Mankhwala a steroid ndi othandiza kwambiri pa eczema akaperekedwa ndi wachipatala, pamlingo woyenera ndiponso kwa masiku owerengeka. Ngati mwakhala mukudzola amphamvu kwa nthawi yaitali, musasiye mwadzidzidzi: wachipatala akuuzeni mochepetsera.

Kusamalira khungu tsiku lililonse

- Sambani madzi ofunda pang'ono kwa mphindi 5 mpaka 10. Madzi otentha kwambiri amaumitsa khungu.
- Musadzikhule ndi mwala kapena chinkhupule pamalo odwala, ndipo musasambire sopo wochapira zovala.
- Dzipukuteni mosakhula, ndipo dzolani mafuta opanda fungo, monga Vaseline, khungu lisanaumiretu. Bwerezani kawiri kapena katatu patsiku.
- Ngati muli ndi ziphuphu, mafuta olemera musawadzole kunkhope, ndipo mafuta a tsitsi asafike pachipumi.
- Valani zovala zathonje zosathina, ndipo muzitsukuluza bwino zovala mukachapa.
- Wengani zikhadabo. Pakayabwa ikani nsalu yozizira m'malo mokanda.
- Mankhwala a ziphuphu monga benzoyl peroxide amatenga milungu 6 mpaka 8, choncho musafulumire kuwasiya.

Uzani wachipatala za mavuto onse awiri

Mankhwala a vuto limodzi angakhudze vuto linalo. Doxycycline, yemwe amaperekedwa pa ziphuphu, amachititsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa, ndipo mwa apo ndi apo amayambitsa mutu waukulu ndi kusaona bwino. Zikatero siyani kumwa ndipo pitani kuchipatala. Ibuprofen ndi aspirin amatulutsa zidzolo zoyabwa kwa anthu ena.

Mapiritsi olera okhala ndi estrogen nthawi zina amaperekedwanso pa ziphuphu. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti mayi amene mutu wake umayamba ndi aura asagwiritse ntchito njira zolera zokhala ndi estrogen, chifukwa zimawonjezera chiopsezo cha sitiroko, makamaka ngati amasutanso fodya. Njira zina zilipo, monga lupu, jakisoni, njira yoika pamkono ndi makondomu.

Pitani kuchipatala mwamsanga ngati:

- Mutu wayamba mwadzidzidzi ndipo ndi woopsa kuposa wina uliwonse umene munadwalapo.
- Mutu ukubwera ndi kutentha thupi, kuuma khosi, kukomoka kapena kusokonezeka maganizo. Angakhale malungo kapena matenda oumitsa khosi.
- Muli ndi kachilombo ka HIV ndipo mutu watsopano sukuleka kwa masiku angapo.
- Mbali imodzi ya thupi yafooka, pakamwa papotoka, kapena mawu sakutuluka bwino.
- Ndinu woyembekezera kapena mwangobereka kumene, ndipo mutu ukubwera ndi kutupa nkhope ndi manja kapena kusaona bwino.
- Mutu wayamba mutamenyetsa mutu, kapena wayamba koyamba muli ndi zaka zoposa 50.
- Mbali imodzi ya chipumi ikuwotcha ndipo patuluka matuza. Amenewa angakhale mashingozi, omwe angawononge diso, ndipo mankhwala ake amagwira bwino akayambidwa pasanathe maola 72.
- Mwatuluka zidzolo, matuza kapena zilonda m'kamwa ndi m'maso mutayamba mankhwala atsopano, monga Bactrim kapena a khunyu.
- Khungu lodwala latupa, latentha, likutuluka mafinya, kapena muli ndi chilonda chosapola.

Mukamapita kuchipatala tengani kope lanu, buku lanu la kuchipatala, ndi mapaketi ndi machubu a mankhwala onse amene mukugwiritsa ntchito, kuphatikizapo ogula pamsika ndi azitsamba. Auzeninso a kwanu, aphunzitsi kapena abwana anu kuti mutu umenewu ndi matenda enieni ndipo eczema sipatsirana, kuti tsiku limene mwadwala adziwe chochita: akupezereni malo amdima ogonapo, ndipo akudikireni mpaka mutapeza bwino.