Phwando logulitsira ziwiya pakhomo: maoda amachokera pati?

Amayi ambiri amene amachita malonda a ziwiya za kukhitchini m'mizinda ya m'dziko muno amadalira zithunzi. Amajambula mapoto, mbale ndi mafulasiki n'kuika pa WhatsApp kapena pa Facebook, kenako n'kumadikira. Ofunsa mtengo amachuluka, koma otulutsa ndalama amakhala ochepa, ndipo katundu amangochita fumbi m'chipinda pomwe mpamba wonse udathera momwemo. Ilipo njira ina yakale imene ogulitsa ena amatsata: kusonkhanitsa anthu pakhomo pa mnzawo, kuwaonetsa momwe ziwiyazo zimagwirira ntchito, ndi kulemba maoda pomwepo.

Njirayi idatchuka ku America ndi kampani ya Tupperware. M'chaka cha 1946, Earl Tupper adayamba kugulitsa makontena apulasitiki okhala ndi zivundikiro zosalowetsa mpweya. M'masitolo malonda sadayende kaamba koti ogula sankadziwa katsekedwe kake, ndipo padalibe wowalangiza. Brownie Wise, mayi amene adali atazolowera kugulitsa katundu wa kampani ya Stanley Home Products m'makomo, adayamba kuonetsa makontenawo pamacheza a amayi. Ankathira madzi m'kontena, kuitseka, n'kuiponya anthu akuona, madzi osatayika. Mu 1951 Tupper adamupatsa udindo wotsogolera malonda a m'makomo, ndipo katunduyo adachotsedwa m'masitolo.

Phunziro lagona pamenepo. Munthu amagula chiwiya akachiona chikugwira ntchito, akachigwira ndi manja ake, komanso akamva mnzake amene amamukhulupirira akuchiyamikira. Phwando loyamba likonzedwe ndi zinthu zitatuzi m'maganizo.

Choyamba ndi kusankha pochitira. Ndi bwino kuti phwando lichitikire kwa mayi wina amene ali ndi anzake ambiri, kaya a kumpingo, a kuntchito kapena a kubanki mkhonde. Anthu amabwera chifukwa cha ulemu wa mwini nyumbayo. Iye ndiye aitane alendo mmodzimmodzi, pakamwa kapena palamya, popeza uthenga wongoponyedwa pagulu la WhatsApp aliyense amauyesa wa mnzake. Oitanidwa achulukeko kuposa mipando, chifukwa sipalephera ena ogwa m'maliro kapena m'zinkhoswe. Auzidwe poyera kuti kudzakhala malonda. Munthu woitanidwa ngati kukacheza, n'kukapeza mapoto atayalidwa patebulo, amadzimva kuti wapusitsidwa ndipo sagula.

Tsiku nalo ndi lofunika kuliganizira. Loweruka masana, anthu atangolandira malipiro a kutha kwa mwezi, ndi nthawi yabwino. Masabata amene makolo akusakasaka fizi ya ana kapena ndalama za feteleza ndi oyenera kuwapewa. Zakudya zikhale zochepa: tiyi, mandasi kapena zitumbuwa ndi zokwana. Wogulitsa amene waphika mpunga ndi nkhuku wadya phindu lake asadagulitse ngakhale supuni imodzi.

Chachiwiri ndi chionetsero. Kuyala katundu yense nthawi imodzi kumabalalitsa maso. Ziwiya zisanu kapena zisanu ndi chimodzi ndi zokwana, chilichonse ndi ntchito yake yooneka. Madzi otentha athiridwe m'fulasiki alendo asadafike, ndipo tiyi wa kumapeto apangidwe ndi madzi omwewo. Nsima iikidwe m'bakuli losunga kutentha, lidzatsegulidwe pakatha maola awiri kuti aliyense aone nthunzi yekha. Poto aikidwe pambaula ya makala, popeza ndi pomwe mabanja ambiri amaphikira magetsi akazima. Chiwiya chilichonse chizungulire m'manja mwa alendo.

Apa chilungamo chimapindulitsa. Ngati kontena siyenera kuyandikira moto, kapena poto safuna kukwechedwa ndi mchenga, wogulitsa anene yekha. Ogulawo ndi anthu oyandikana nyumba ndiponso opemphera pamodzi. Chiwiya chimodzi chikasweka msanga, mbiri yake imafika dera lonse dzuwa lisadalowe.

Chachitatu ndi kalembedwe ka maoda, ndipo ndi pomwe ambiri amagwera. Mitengo ilembedwe papepala kuti aliyense aziwerengera yekha, ndipo pakhale katundu wa misinkhu itatu: wotchipa, wapakati ndi wodula. Motero ngakhale amene wabwera ndi ndalama yochepa amachoka ndi kanthu, osachita manyazi. Oda ilembedwe pambali, wogulitsa ndi wogula ali awiri, chifukwa nkhani ya m'thumba si ya pagulu. M'kope mulembedwe dzina, katundu, ndalama yomwe yaperekedwa, yotsala, ndi tsiku lolandira katunduyo.

Oda yopanda ndalama ya chikole ndi lonjezo chabe. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Wogula apereke gawo la mtengo tsiku lomwelo, pamanja kapena kudzera pa Airtel Money ndi TNM Mpamba, ndipo yotsalayo amalize polandira katundu. Chifukwa chake n'chodziwikiratu. Ziwiya zambiri zogulitsidwa muno zimachokera kunja, monga ku Tanzania, South Africa ndi China, kotero mitengo yake imatsatira mphamvu ya kwacha. Mu November 2023 kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Pa nthawi yotere, amene wabalalitsa katundu pangongole amadzalandira ndalama yosakwana kupikulira katundu yemweyo. Ngongole ya pachibale imavutanso kulonjerera, ndipo kawirikawiri imatha ndi mpamba ndi ubwenzi womwe.

Nanga maoda amachuluka bwanji? Yankho la Tupperware lidali lakuti phwando lililonse libale linzake. Mwini nyumba ankalandira mphatso molingana ndi malonda a tsikulo, ndipo ankailandira alendo akuona, kuti wina asirire n'kupempha kuti phwando lotsatira likachitikire kwake. Wogulitsa wa kuno angachite chimodzimodzi, malinga mtengo wa mphatsoyo wawerengedwa kale m'phindu. Asadabalalike anthu, tsiku la phwando lachiwiri likhale litagwirizanidwa. Nyumba yatsopano imabweretsa nkhope zatsopano, pomwe kubwerera kwa anthu omwewo mwezi ndi mwezi kumawatopetsa, popeza banja siligula mapoto kawirikawiri.

M'dziko muno mulinso mwayi umene udakhazikika kale. Magulu a kitchen top-up, momwe amayi amasonkherana kuti mnzawo aonjezere ziwiya, komanso magulu a chiperegani, ndi ogula okonzeka amene ndalama yawo imabwera pa tsiku lodziwika. Wogulitsa amene wagwirizana ndi gulu lotere amadziwiratu katundu wofunika mwezi wamawa, ndipo sapikula mongoganizira.

Komabe phwando palokha silipulumutsa malonda. Mu September 2024 kampani ya Tupperware idapita kukhoti ku America kukalengeza kuti yalephera kubweza ngongole, itapanikizidwa ndi makontena otchipa a makampani ena komanso kusintha kwa kagulidwe ka anthu, amene ambiri tsopano amagula pa intaneti. Wogula wa ku Ndirande kapena ku Area 25 nayenso amadziwa mtengo wa poto mumsika. Ngati wapaphwando ndi wokwera, payenera kuoneka chifukwa chake: kulimba kwa chiwiya, kubweretseredwa pakhomo, kapena mwayi wosinthitsa chikapezeka ndi chilema.

Ntchito yotsiriza ndi kusunga tsiku. Katundu afike pa tsiku lomwe lidalembedwa m'kope, ndipo pakatha sabata wogulitsa aimbe lamya kufunsa ngati fulasiki ikusungadi kutentha. Nthawi zambiri oda yachiwiri imachokera pa lamya imeneyo.